Ankati Ndi Maganizo Chabe

Mukafunsa anthu pasiteji ya minibasi kumsika wa Ndirande kuti nthenda ya mtima imagwira ndani, ambiri akuuzani za mabwana: amuna a mimba zotsogola, oyenda pagalimoto, odya nyama tsiku lililonse. Wina akukumbutsani za pa 5 April 2012, pamene mtima wa pulezidenti Bingu wa Mutharika unaima mwadzidzidzi ku Lilongwe. Palibe woti angaloze mayi amene wangodutsa pamenepo atasenza beseni la mandasi, mwana ali kumsana. Chonsecho padziko lonse, mwa amayi 100 alionse amene amamwalira, pafupifupi 35 amapita ndi matenda a mtima ndi a mitsempha ya magazi. Chiwerengerochi anachitulutsa akatswiri m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2021, ndipo palibe nthenda ina, ngakhale khansa imene timaiopa kwambiri, yotenga amayi ochuluka chotere.

Pali mayi wina ku Makata, ku Ndirande komweko, amene nkhani yawo ndikufuna mayi aliyense wa m'malokeshoni a Blantyre aimve. Dzina sinditchula, chifukwa ali moyo ndipo ali ndi ana akuluakulu. Kwa zaka zambiri mayiwa ankadzuka tambala woyamba asanalire, kukoleza mbaula m'kakhitchini kopanda zenera, n'kukazinga mandasi kuti opita kumakampani ndi ana asukulu awapeze akadali otentha. Masana ankaika chiwaya cha chipisi m'mbali mwa msewu. Anali ojintcha, ansangala, osajomba kumsonkhano wa amayi kutchalitchi. Pakagwa zovuta m'dera, iwo ndiwo ankayamba kufika kusiwa, chitenje chili m'chiuno, n'kukhala kumapoto mpaka maliro ataikidwa. Wachibale akagonekedwa ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, banja silinkakambirana n'komwe za gadiyani. Aliyense ankadziwa amene akagone pansi pafupi ndi bedi la wodwala.

Chenjezo loyamba linabwera ali ndi zaka 35, ali oyembekezera mwana wachinayi. Kusikelo anamwino anawamanga kalamba koyezera pamkono, anabwerezanso, kenaka anawapatsa kabotolo kuti akayeze mkodzo. "Mayi, BP yanu yakwera kwambiri," anatero anamwinowo. "Lero simubwerera kunyumba. Aimbireni abambo akubweretsereni zovala ku Chatinkha." Ku Chatinkha, kumene amachirira amayi pachipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, anawabaya jakisoni wa magnesium sulphate woteteza kukomoka, ndipo mwana anamutulutsa pa opaleshoni masiku asanakwane. Onse awiri anapulumuka. Abale anayamika Mulungu, ndipo mwana atatuluka m'chikuta banja linakapereka chopereka cha chithokozo kutchalitchi.

Vuto limeneli madokotala amalitcha pre-eclampsia. Limayamba mimba ikadutsa masabata 20: magazi amathamanga kwambiri, impso zimayamba kutayira mumkodzo zinthu zoyenera kukhala m'magazi, mayi amatupa nkhope ndi manja, mutu umawawa osaleka, m'maso mumachita chimbuuzi, ndipo likalekereredwa mayi amagwa n'kumaphupha. Izi amayi ambiri anazimvapo pamaphunziro a kusikelo. Zimene sizimveka kawirikawiri ndi za m'tsogolo. Mwana akabadwa BP imatha kutsika, koma mayi amene anadwalapo chonchi chiopsezo chake chodzadwala BP yokhalitsa chimawirikiza katatu kapena kanayi, ndipo cha nthenda ya mtima ndi sitiroko chimawirikiza pafupifupi kawiri, poyerekeza ndi mnzake amene mimba zake zinayenda bwino. Mimba imachulukitsa ntchito ya mtima, chifukwa magazi m'thupi amaonjezereka pafupifupi ndi theka. Choncho ngati pali pofooka, mimba imapaulula kukadali zaka zambiri nthenda isanaonekere poyera.

Powatulutsa mayi aja anawafotokozera zimenezi, ndipo zinalembedwa m'kabuku kawo ka kuchipatala: azikayezetsa BP ngakhale mwana atakula. Patatha masabata 6 anabwerera kusikelo, BP inapezeka kuti yatsika, ndipo kwa iwo nkhani inathera pomwepo. Kabuku kanalowa m'sutikesi pamodzi ndi makalata a sukulu a ana. Chimene chimandipweteka ndikaganiza za zaka zotsatira n'chakuti mayiwa sanatalikirane nacho chipatala. Anapita ndi mwana kukalandira katemera yense. Anaperekeza apongozi awo kukachotsa ng'ala. Anagona pansi m'wodi kudwazika mchimwene wawo wa TB. Anadutsa pafupi ndi makina oyezera BP maulendo osawerengeka, atanyamula kabuku ka munthu wina, osatambasula mkono wawo ngakhale tsiku limodzi. Ndi mmene timalerera ana aakazi kuno: kudwazika ena n'kotamandika, koma kunena kuti "inenso ndiyezeni" kumaoneka ngati kudzikonda kapena kuvutitsa anamwino amene atanganidwa kale. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Kuti timvetse zimene zinkachitika m'thupi mwawo zaka zonsezo, tiganizire madzi amene timamwa mu Blantyre. Ambiri amachokera kutali, mumtsinje wa Shire ku Walker's Ferry, ndipo makina amachita kuwakankha kukwera mtunda wonsewo mpaka afike m'matanki a m'mapiri athu. Njira ya madzi ikapanikizika, makinawo amagwira ntchito yoposa mphamvu zake mpaka kufooka, ndipo paipi yosalimba imaphulika. Mtima nawo ukamakankha magazi m'mitsempha yolimba ndi yopanikizika, usana ndi usiku, chaka ndi chaka, mnofu wake umayamba wakhuthala, kenaka umafutukuka n'kulephera kupopa. Mtsempha ukaphulika kapena kutsekeka muubongo, ndiye sitiroko ija imene imapha ziwalo mbali imodzi. Impso ndi maso nazo zimaonongeka mwakachetechete. Choopsa n'chakuti zonsezi zimatha kuchitika munthu akudya bwino, akuseka, akupita kugeni, osamva kupweteka paliponse.

Mu 2009 Unduna wa Zaumoyo, mogwirizana ndi bungwe la WHO, unachita kafukufuku m'dziko lonse poyeza anthu a zaka 25 mpaka 64. Anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi BP yokwera, ndipo mwa amenewo, oposa 90 pa 100 alionse sankadziwa kapena sankamwa mankhwala. Akafukufuku ena a pambuyo pake anapeza chiwerengero chocheperapo, koma pa chinthu chimodzi amagwirizana: ambiri mwa odwalawo amayenda nayo nthenda osadziwa.

Mayi aja atafika zaka 40 mutu unayamba kuwavuta, makamaka m'mawa, cha kunkhongo. Nthawi imeneyo abambo a kunyumba anali atachotsedwa ntchito, fizi ya ana awiri a kusekondale inkafunika, ngongole ya kubanki mkhonde inkawadikira Loweruka lililonse. Aliyense, ngakhale iwo eni, dzina la nthendayo anali nalo kale. "Ndi maganizo chabe, amake mwana," ankatero abambo. "Zinthu zikayamba kuyenda mutuwo usiya." Paokala panali Brufen ndi Indocid, ndipo mayiwa ankameza awiri m'mawa kuti akwanitse kuima pachiwaya. Sankadziwa kuti mankhwala a mtundu umenewu, akamamwedwa kawirikawiri, amakweza BP, amasunga madzi m'thupi ndiponso amapweteka impso. Maganizo alipodi, sindikukana. Umphawi wa m'tauni umasowetsa tulo. Koma tazolowera kutchula maganizo pa chilichonse chimene mayi wadandaula, ndipo tikangotero palibenso amene amafunsa kuti anayezetsa liti.

Tsiku lina kutchalitchi kunabwera ophunzira unamwino kudzayeza anthu mapemphero atatha. Mayiwa anaima pamzere mongotsatira anzawo. Makina anaonetsa 178 pamwamba, 106 pansi. Achipatala amati BP yakwera ikafika 140 pamwamba kapena 90 pansi, ikapezeka choncho pamasiku osiyana. Mtsikana amene ankawayezayo anawagwira dzanja. "Amayi, chonde mawa m'mawa mupite kuchipatala. Musadikire." Anapitadi. Kumeneko anawayezanso, anawapatsa mitundu iwiri ya mapilitsi, HCT ndi amlodipine, nawauza kuti azimwa tsiku lililonse ndi kubwerera mwezi ukatha. Mutu unaleka. Mwezi wachiwiri BP inali itatsika bwino.

Apa ndi pamene zinakhotera, ndipo amayi ambiri amagwera pomwepa. HCT amakodzetsa, pamene pageni palibe chimbudzi chapafupi, ndipo cha kumsika n'cholipira. Kukatenga mankhwala kunali kutaya m'mawa wonse pamzere. Tsiku lopanda mandasi, ndiye kuti madzulo opanda ndiwo. Mwezi wina anapeza mtundu umodzi utatha, nauzidwa kukagula kufamase. Ndiye panalinso alangizi a pampopi. "Asisi, mankhwala amenewo mukawayamba simusiya, thupi limazolowera," anatero mnzawo wina potunga madzi. "Ine azakhali anga anachira ndi adyo ndi mandimu." Winanso anati, "Mwachiratu inu, taonani mmene mukuwalira. Mukumweranji mankhwala ngati wodwala?" Wina anawalozera kwa ogulitsa zitsamba za m'mabotolo, aja amalengeza pa zokuzira mawu kuti botolo limodzi limatsuka magazi, kuchiza BP, shuga ndi zilonda za m'mimba. Mayiwa anasiya mapilitsi osauza aliyense.

Mnzawo uja sananame zonse. N'zoona kuti ambiri akayamba mankhwala a BP amamwa moyo wawo wonse, koma si chifukwa chakuti thupi lazolowera. Nthendayo ndiyo sinachoke. Mapilitsi amangoigwira kuti isaononge, ndipo mukawasiya BP imabwerera pamene inali, osakuchenjezani. Mukamamva bwino ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito, si kuti mwachira. Ndipo mavuto amene anawagwetsa ulesi anali ndi pothawira. Akanauza adokotala za kukodzako, akanatha kuwasinthira nthawi yomwera kapena mtundu wa mankhwala; amlodipine akatupitsa akakolo, alipo ena olowa m'malo mwake. Adyo ndi wabwino mundiwo, koma BP ya 178 sangaitsitse.

Panadutsa zaka zingapo, ndipo nthenda inadzaonekera pamtunda. Aliyense wokhala m'munsi mwa phiri la Ndirande amadziwa kuti njira zambiri zopita kunyumba n'zokwera. Mayiwa, amene kale ankakwera ndi thumba la ufa pamutu uku akucheza, anayamba kuima kawiri katatu panjira kuti apeze mpweya. Anati ndi ukalamba, ali ndi zaka 46 zokha. Madzulo mapazi ankatupa mpaka zingwe za masilipasi kulowa m'khungu. Anati n'chifukwa choima nthawi yaitali. Usiku akagona chagada ankabanika n'kumatsokomola, mpaka anayamba kugona atatsamira mapilo atatu, kenaka atakhala pampando. Aneba ena anati ndi mphumu, ena anati TB, ena ananong'ona kuti geni ikamayenda ansanje salephera, ndipo anapita nawo kumapemphero a kuphiri. Kupemphera sindikutsutsa. Koma befu wa pamtunda, kutupa kwa miyendo ndi kubanika pogona, zikabwera pamodzi, nthawi zambiri ndi mtima umene ukulephera kupopa, madzi n'kumadzaza m'mapapo ndi m'miyendo. Wophunzira udokotala aliyense akanazizindikira. Kunyumba kunalibe amene anaziphatikiza.

Usiku wina, cha m'ma 2 koloko, mwana wawo wamkazi anadzidzimuka ndi kapumidwe ka amayi ake. Anawapeza atakhala pakhomo, chitseko atatsegula kufuna mpweya, thukuta lili kamukamu, milomo itada.

"Amayi, tiyeni kuchipatala."

"Kuche kaye, mwanangu. Ndalama ya galimoto tiitenga kuti?"

Mtsikanayo sanamvere, ndipo kusamvera kwakeko n'kumene kunapulumutsa moyo. Anakagogoda kwa aneba a galimoto. Ku Gulupu anawaika pa mpweya, anawabaya mankhwala ochotsa madzi m'thupi, ndipo kutacha anawaunika mtima ndi makina. Adokotala anaitana abambo ndi mwana uja nawauza kuti mtima wakula ndipo wafooka, impso nazo zakhudzidwa. Anatsegula kabuku kakale kamene mtsikanayo anakumbukira kutenga m'sutikesi, nawerenga za mimba ija, za 178 ija, n'kuvundukula masamba otsatira opanda cholembedwa. "Mayi, mankhwala munasiya liti?" Mayiwa anangoyang'ana pansi.

M'wodi imeneyo sanali okha, ndipo zimene mwana wawo anaona ali gadiyani amazifotokozabe mpaka lero. Pabedi loyandikana nawo panagona mtsikana wa ku Bangwe, wosafika zaka 25, wowonda, amene sanadwalepo BP. Yake inayamba ali mwana ndi zilonda zapakhosi, zimene makolo ambiri amangozigulira Panado. Zilonda zina zapakhosi zimayamba ndi tizilombo totchedwa streptococcus, ndipo zikapanda kuchizidwa ndi penicillin, thupi polimbana nato limaononganso tizitseko ta mumtima toletsa magazi kubwerera m'mbuyo. Mwana amatha kutentha thupi, kutupa ndi kumva kuwawa m'mfundo, kenaka n'kuoneka ngati wachira. Vuto limadzaonekera atakula, nthawi zambiri pamimba yoyamba. Nthendayi imakonda kumene anthu amagona mothithikana, monga m'nyumba zathu za chipinda chimodzi. Kafukufuku wa REMEDY, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2015, anatsatira odwala oposa 3,000 m'maiko 12 a mu Africa, kuphatikizapo Malawi, komanso ku India ndi ku Yemen. Awiri mwa atatu alionse anali akazi, ndipo theka la odwalawo anali osapitirira zaka 28. Ikadziwika msanga, jakisoni wa penicillin wa mwezi ndi mwezi amateteza kuti mtima usaonongeke koposa. Ikachedwa pamafunika opaleshoni yosintha tizitsekoto, imene Amalawi ambiri amachita kuidikira pamndandanda wopita kunja, monga ku India.

Chakumapeto kwa wodi kunali mayi wa ku Machinjiri, khanda la miyezi iwiri lili pambali. Iyeyu mtima unafooka atangobereka kumene. Achibale ankati kutupa ndi kutopa si zachilendo kwa mayi wa khanda, ndipo anamusunga m'nyumba akumuphikira phala. Pali nthenda ya mtima imene imagwira mwezi womaliza wa mimba kapena miyezi yoyambirira mwana atabadwa, ndipo imapezeka kwambiri pakati pa akazi akuda kuposa ena. Ambiri akalandira mankhwala msanga mtima umabwerera mwakale, koma mimba yotsatira imatha kukhala yoopsa, choncho nkhani ya kulera imafunika kuikamba ndi adokotala, abambo ali pomwepo. Mayi wobereka kumene amene akulephera kugona chagada, kapena akuchita befu posambitsa mwana, asauzidwe kuti apirire. Apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Palinso china choyenera kuchidziwa. Mtsempha wodyetsa mtima weniweniwo ukatsekeka, chizindikiro chodziwika ndi kupweteka kapena kulemera pachifuwa, ndipo akazi ambiri amamvanso chimodzimodzi. Koma mwa akazi kawirikawiri pamabweranso zina zosokoneza: nseru, kusanza, kupweteka kwa msana, khosi, nsagwada kapena mkono, thukuta lozizira, kufooka kwadzidzidzi. N'kosavuta kuzitcha chilungulira kapena malungo n'kukagona. Sitiroko nayo ili ndi zizindikiro zake: kamwa kupotoka, mkono kapena mwendo kulefuka mbali imodzi, lilime kulemera. Zimenezi si zodikira kuti kuche, kapena kuti abambo abwere kuchokera kuntchito kudzapereka chilolezo.

Nanga kupewa? Ndimadana nawo malangizo olembedwa ngati kuti aliyense ali ndi firiji yodzaza. Mayi wa ku Zingwangwa amaphika chimene ndalama ya tsikulo yalola. Komabe zilipo zimene angathe, ndipo choyamba ndi mchere. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera zonse zimene wadya. Ife timathira mchere mumphika, kuonjezera timakiyubu tokometsera ndiwo tomwe tadzaza mchere, kuthira soda mutherere ndi munkhwani, kenaka kuikanso kambale ka mchere pamphasa. Ndipo chipisi cha pachiwaya timachiwaza wina. Nsomba zouma zothira mchere zingathe kuviikidwa kaye m'madzi. Lilime limadandaula masabata oyamba, kenaka limazolowera, ndipo amapindula ndi onse a pakhomo, ana omwe. Tomato, anyezi, nsinjiro ndi mandimu zimakometsa ndiwo popanda kukweza BP. Bonongwe, chisoso, mpiru, nyemba, nandolo, mgaiwa, nthochi ndi mapeyala si zakudya zochita nazo manyazi alendo akabwera. Ndizo zimene madokotala amalimbikitsa.

Za kunenepa n'zovuta kuzikamba, chifukwa kuno mkazi akanenepa timati akusungidwa bwino, ndipo zaka za Edzi zinatiphunzitsa kuopa kuwonda. Mayi akatsika thupi anthu amayamba kunong'ona. Koma kafukufuku wa bungwe la MEIRU, amene anachitika ku Area 25 ku Lilongwe ndi ku Karonga pakati pa 2013 ndi 2016, anapeza kuti mwa akazi a m'tauni 44 pa 100 alionse anali olemera kupitirira muyezo, pamene amuna anali 18. Thupi likalemera, makamaka pamimba, BP ndi shuga zimatsatira. Tiyi wa masupuni anayi a shuga, zakumwa zotsekemera za m'mabotolo, mafuta okazingira mobwerezabwereza mpaka kuda, zonsezi zimaunjikana. Mayi akasiya kusamba, chitetezo chimene thupi lake linali nacho chimachepa, ndipo m'pamene kuyezetsa kumafunika koposa. Amene ali pa ma ARV adziwe kuti kachilombo ka HIV pakokha kamaonjezera chiopsezo cha mtima ndi sitiroko, ndipo mankhwala okhala ndi dolutegravir, amene Malawi anayamba kupereka kwa anthu ambiri mu 2019, amanenepetsa ena, makamaka akazi. Si chifukwa chosiyira mankhwala, ayi ndithu. N'chifukwa chopemphera anamwino kuti tsiku lotenga ma ARV akuyezeninso BP ndi shuga. N'chimodzimodzi potenga mapilitsi olerera: mitundu ina siyenera mayi wa BP yokwera, ndipo njira zina zilipo. Amene akumwa enalapril, akafuna kutenga mimba auze adokotala kaye, chifukwa mankhwalawa amavulaza mwana m'mimba.

Utsi wa makala ndi nkhuni umene mayi amapuma m'kakhitchini kotseka suononga mapapo okha. Umafika m'magazi ndi kumtima. Magetsi ndi gasi si onse angakwanitse, koma kutulutsa mbaula panja kapena kuboola zenera n'kotheka. Fodya, wosuta ndi wa m'mphuno yemwe, ndi mowa wambiri, n'zosiya. Za kulimbitsa thupi, amayi ambiri a ku Chilomoni ndi ku Ndirande amayenda kale mitunda yoposa imene alangizi amanena. Oyenera kusamala ndi okhala pabenchi la geni kapena muofesi tsiku lonse, n'kukwera kabaza ngakhale popita pafupi. Mphindi 30 zoyenda mwandawala masiku ambiri pasabata n'zokwanira.

Mawu ena apite kwa abambo. Amuna a mayi aja amanena okha lero kuti mawu aja oti "ndi maganizo chabe" amawasowetsa mtendere. Sanali munthu wankhanza. Anangonena zimene amuna ambiri amanena. Akazi anu akadandaula mutu, befu kapena kutupa, funso lake ndi lakuti, "BP munayezetsa liti?" Kenaka ndalama ya minibasi ituluke, ndipo m'mawa umenewo mutsale ndi ana kapena mukhale pageni. Ndiwo zikachepa mchere, musabweze mbale.

Mayi aja anatuluka m'chipatala patatha masabata awiri. Ali moyo, koma mtima wofooka chotero subwerera msanga, mwinanso subwerera konse. Mapilitsi amene ankawaona ochuluka ali a mitundu iwiri, tsopano ndi a mitundu isanu. Chiwaya anagulitsa. Kuchokera kumsika sangakwere wapansi, pamaliro amakhala pampando kuonerera ena akuphika, ndipo mwana wawo wamkazi uja anaima sukulu chaka chathunthu ali Folomu 3 kuti aziwasamalira ndi kukazinga mandasi. Ndalama imene banja lawononga pamayendedwe, kuunika ndi mankhwala ogula ikanakwanira mapilitsi awiri aja kwa zaka zambiri.

Kuyezetsa BP m'zipatala zaboma n'kwaulere: ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa, ku Limbe, ndi ku South Lunzu kwa a ku Machinjiri. Munthu wamkulu ayezetse kamodzi pachaka ngakhale akumva bwino. Amene anadwalapo BP ali ndi mimba, wa shuga, kapena amene kholo lake linagwa sitiroko, ayezetse pafupipafupi, ndipo mbiri imeneyi aziinena yekha asanafunsidwe. Manambala onse awiri alembedwe m'kabuku, ndipo mwini wake afunse tanthauzo lake asanatuluke m'chipindamo.

Amayi a gulu la banki mkhonde la mayi aja, kuphatikizapo uja wa adyo ndi mandimu, atakawazonda kunyumba anagwirizana chinthu chimodzi. Pogawana ndalama kumapeto kwa chaka anapatula ina n'kukagula makina oyezera BP a mabatire kufamase ku Limbe, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo anawaphunzitsa kagwiritsidwe kake: munthu apume kaye mphindi zisanu atakhala pampando, msana utatsamira, mapazi ali pansi, mkono uli patebulo molingana ndi mtima, osalankhula, ndipo ayezedwe kawiri. Anapangana kuti makinawo sapereka mankhwala ndipo sasiyitsa munthu mankhwala. Ntchito yake ndi kutumiza munthu kuchipatala. Tsopano Loweruka loyamba la mwezi, asanatsegule bokosi la ndalama, aliyense amayezedwa, ndipo mlembi amalemba manambala kumapeto kwa kope lomwelo la masheya. Tsiku loyamba anapezeka anayi a BP yokwera. Mmodzi anali msungichuma, mayi wochepa thupi wa zaka 38 amene sanadandaulepo mutu, ndipo Lolemba lake amayi awiri anamuperekeza kuchipatala, wachitatu atatsala kumugulitsira tomato.